Kodi nsomba za m'mitsinje yathu zinapitadi ndi azungu?

Linali Loweruka masana, ndipo m'kanyumba kometera tsitsi ku Kanjedza tinalimo anthu asanu tikudikira kuti magetsi ayake. Mnyamata wometayo, poopa kuti makasitomala ake tingabalalike, anatulutsa foni n'kutionetsa kanema amene anamupeza pa intaneti.

M'kanemamo munali amuna awiri m'kaboti kakang'ono kamene kankangotsetsereka kokha ndi madzi pamtsinje wina wa ku America. Inali nyengo yotentha ya kwawoko. Madzi anali mbee, miyala ya pansi ikuoneka ngati ili m'beseni. Mmodzi anagwira nkhafi, ntchito yake kungowongolera. Winayo anaimirira kutsogolo akukupiza kandodo kowonda, chingwe chikupita kumbuyo ndi kutsogolo ngati chikwapu cha woweta ng'ombe, kenako n'kuchigoneka pamadzi mwakachetechete pansi pa nthambi za mtengo. Posakhalitsa madzi anathovoka. Nsomba yofiirira ngati mkuwa, yotalika kuchokera pachigongono kufika kuzala, inalumpha kawiri katatu isanagonje. Munthu uja anaikola ndi kaukonde, anachotsa mbedza, anaiyang'ana pang'ono, n'kuibwezera m'madzi.

"Aaa! Ndiwo yonseyo akuitaya?" anafuula wina pabenchi.

Bambo wachikulire amene anakhala kukona, chipewa chili pabondo, sanaseke nafe. "Ana anga, musadabwe nazo izi," anatero. "Ine ndili mnyamata ndinkanyamulira bwana dengu ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, iye akuwedza momwemu padamu. Ndipo muno m'tauni momwe muno, mu Naperi ndi mu Mudi, tinkawedza matemba ndi milamba mpaka kudzaza chitini. Nsomba zinapita ndi azungu."

"Zoona, agogo?" anafunsa wometa uja.

"Zinapita nawo."

Mawu amenewa si koyamba kuwamva. Ndinawamvapo m'minibasi ya ku Bangwe, ndinawamvanso pamaliro ku Chilomoni. Amalankhulidwa ndi anthu amene anaonadi nsombazo ndi maso awo, choncho sindiwapeputsa. Koma ndikaika zaka pamzere, zimene akunenazo sizikugwirizana ndi kalendala. Ulamuliro wa atsamunda unatha mu 1964. Nsomba za m'mitsinje ya Blantyre zinakhalapobe zaka zambiri pambuyo pake, ndipo ife amene tinali ana m'ma 1980 tinaziwedza. Chimene chinazichotsa chinabwera mochedwa, ndipo chinachokera pakati pathu.

Tiyambe ndi kawedzedwe kanali m'kanema kaja, chifukwa ambiri sitinakaonepo pafupi. Ife tinazolowera nyambo yeniyeni: nyongolotsi, chiwala, ngumbi, kapena kambamu ka nsima. Iwo pambedza amamangapo nthenga, ubweya ndi ulusi, kuti pakhale kanthu kooneka ngati kachilombo kogwera pamadzi, kaya tombolombo, kaya chiwala, kaya kansomba kakang'ono. Nyambo yotere ndi yopepuka ngati duwa la thonje, moti simungaiponye patali. Cholemera ndi chingwecho, n'chifukwa chake msodzi amachikupiza m'mwamba kangapo kuti chitenge mphamvu, ndiye n'kunyamula kanyamboko kukakatula pamene iye akufuna. Nsomba iyenera kuiona nyamboyo ndi maso. Pamadzi a matope luso lonseli limavuta kwambiri.

Luso limeneli ndi lakale. Aelian, mlembi wa ku Roma, analemba cha m'ma 200 za asodzi a ku Macedonia amene ankakulunga ubweya wofiira pambedza n'kumangirirapo nthenga za tambala. Ku England linakula mpaka kusanduka masewera a anthu opeza bwino, ndipo buku la Izaak Walton la mu 1653 likuwerengedwabe mpaka lero. Nsomba ya m'kanema ija imatchedwa smallmouth bass, kwawo ndi kumpoto kwa America, m'nyanja zikuluzikulu za kumeneko ndi m'mitsinje ngati Susquehanna, Potomac ndi Shenandoah kumene anaifalitsa pambuyo pake. Imakonda madzi oyenda, oyera, a miyala. Yaikulu kwambiri imene inalembedwa inagwidwa mu 1955, ndipo inkalemera makilogalamu opitirira pang'ono 5.

Makolo athu analibe nthawi yowedza n'kubweza, koma mtsinje ankaudziwa. Ankatchera miono, ankamanga mipanda ya bango yotchinga madzi nsomba zikamakwera, akazi ankavuula matemba ndi madengu m'maiwe akayamba kuphwa. Analinso ndi katupe, amene akasinjidwa n'kuthiridwa padziwe nsomba zimaledzera n'kuyandama. Dzina lenileni la dera lathu likuchitira umboni za malo amene analipo: kanjedza ndi mtengo wokonda m'mbali mwa madzi ndi m'madambo. Pamene amishoni a ku Scotland ankamanga Blantyre mu 1876, malo anawasankha mwa zina chifukwa cha mitsinje yotsika m'mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru.

Chaka chimene mbiri yolembedwa ya nsomba zachilendo imayambira ndi 1906. Dziko lino linali lisanatchedwe n'komwe Nyasaland, dzina limene linabwera mu 1907. M'chaka chimenecho nsomba yotchedwa rainbow trout inalowa m'dziko muno, osati kuti anthu adye, koma kuti akuluakulu a boma ku Zomba azikhala ndi chosangalatsa Loweruka ndi Lamlungu monga ankachitira kwawo. Sanali okha m'maganizo amenewa. Ku South Africa trout inali italowa kale m'ma 1890, ku Kenya inafika mu 1905. Masiku amenewo trout sinkayenda ngati nsomba yamoyo m'madzi. Ankatumiza mazira ake m'mabokosi oziziritsidwa ndi ayezi. Ndipo njanji yofika ku Blantyre inali isanathe, inadzatha mu 1908. Katundu wambiri wochokera kunja ankalowera ku Chinde, n'kukwera Zambezi ndi Shire pa sitima zapamadzi, kotsalako n'kuyenda pamitu ya amtengatenga. Ndikaganiza za amuna amene anakwera phiri la Zomba ndi katundu wa masewera a anthu ena, amene iwo sankayembekezera kudzawasewera, mtima wanga umawawa.

Trout imafuna madzi ozizira. Akafunda kupitirira madigiri 25 imayamba kufa. Choncho inakhazikika pamwamba pokha: mu Mulunguzi paphiri la Zomba, m'makhwawa a phiri la Mulanje, ndipo pambuyo pake ku Nyika, m'madamu a ku Chelinda ndi mitsinje yozungulira kumeneko, kumtunda kopitirira mamita 2,000. Mpaka lero wopita paphiri la Zomba amamva dzina loti Trout Farm. Mwana wa ku Ndirande kapena ku Zingwangwa sanaionepo trout mumtsinje wa kwawo, ngakhale pa nthawi ya atsamunda. Apa pokha tikuona kuti nsomba za azungu ndi nsomba za agogo aja zinali ziwiri zosiyana.

Kumunsi kofunda, m'madamu a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, anaikamo mlendo wina, black bass. Iyi ndi mbale wake wa nsomba ya m'kanema ija, koma ya kukamwa kwakukulu, yokonda madzi odikha a udzu ndi zitsa. Inalowa ku South Africa mu 1928, ku Southern Rhodesia mu 1932, ndipo kuchokera kummwerako inafalikira m'madamu a mayiko oyandikana. Ndi imene bwana wa agogo aja ankawedza. Chilolezo chowedzera, ndodo, chingwe, ndi galimoto yofikira kudamuko, zonse zinali za anthu ochepa, ndipo wantchito wopezeka ndi mbedza padamu la esiteti ankaoneka ngati wakuba.

Ya kukamwa kwakung'ono ija, smallmouth, nkhani yake ya mu Africa tiyenera kuimva bwino tisanaisirire. Inalowetsedwa ku South Africa mu 1937, dala kuti ikakhale m'mitsinje yoyenda mmene inzake ija sinkachita bwino. Inachitadi bwino, mopitirira muyeso. Mumtsinje wa Olifants ndi nthambi zake, ku mapiri a Cederberg, inadya tinsomba ta komweko, timene sitipezeka kwina kulikonse padziko lapansi, mpaka tinangotsala kumtunda kwa mathithi kumene bass inalephera kukwera. Patapita zaka 75, mu 2012, akatswiri anachita kuthira mankhwala a rotenone pamtunda wa makilomita 4 a kamtsinje ka Rondegat kuti aphe bass yonse, n'kubwerezanso mu 2013. Mankhwala amenewa amachokera ku zomera zamtundu wa zimene makolo athu ankaledzeretsera nsomba. Bass itatha, tinsomba ta komweko tinatsika kuchokera kumtunda n'kudzazanso malo awo. Makilomita 4 okha, ndalama zambirimbiri, zaka zokonzekera. Kulowetsa nsomba mumtsinje kumafuna ndowa imodzi. Kuichotsa kumafuna boma lathunthu.

Ife tinapulumuka pangozi yofanana nayo. Ulimi wa nsomba zathu, makumba ndi chilunguni, unayamba cha m'ma 1950, ndipo malo oyeserera a ku Domasi anatsegulidwa chakumapeto kwa zaka zimenezo. Mu 1976 kunabwera carp kuchokera ku Israel, nsomba yokula msanga imene alimi anaikonda. Koma akatswiri anali akuona zimene zinkachitika ku Nyanja ya Victoria, kumene Nile perch, yolowetsedwa m'ma 1950, inafafaniza mitundu ya nsomba pafupifupi 200. Nyanja yathu ili ndi mitundu yoposa 800, yambiri yosapezeka kwina, ndipo mbali yake ya ku Cape Maclear inali italowa kale m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Mu 1992 kufalitsa carp kunaletsedwa. Alimi ena akudandaulabe mpaka lero, ndipo ndimawamvetsa, koma ndikuona kuti chiganizocho chinali cholondola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chomvetsa chisoni n'choti m'zaka zomwezo, pamene tinkatseka khomo kwa nsomba zachilendo, nyumba yeniyeniyo inali ikupsa kumbuyo.

Amene munabadwa m'ma 2000 mwina simungakhulupirire, koma phiri la Ndirande linali lakuda bii ndi mitengo. Ukaima ku Kanjedza kapena ku Chichiri m'mawa, nkhungu inkakhala itakola m'mitengo ya paini mpaka dzuwa litakwera, ndipo miyala imene ikuoneka lero ili yambee inali yobisika. Inali nkhalango yotetezedwa kuyambira nthawi ya atsamunda, mbali ina ya mitengo yachilengedwe, mbali yaikulu yobzalidwa. M'phirimo ndi mmene mumachokera timitsinje todzaza damu la Mudi, ndiponso Nasolo amene amadutsa pakati pa Ndirande. Anthu ankaliopa phirilo. Sindinena kuti ankalikonda. Ankaopa chilango, chifukwa masiku amenewo wogwidwa ndi nkhwangwa m'nkhalango ya boma sankafunsidwa zambiri. Nkhalango yosungidwa ndi mantha okha imakhala ndi moyo wofanana ndi wa manthawo.

Kenako zinthu zinagundana m'zaka zochepa. Mvula ya 1991 mpaka 1992 inakanika, chilala chinakantha dziko lonse, ndipo anthu ambiri anathawira m'tauni. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Mu Febuluwale 1994 kwacha inasiyidwa kuti ipeze mtengo wake pamsika, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho inali itagwa kwambiri. Parafini anakwera, sopo anakwera, lendi inakwera. Pa 17 Meyi 1994 kunali chisankho. Mzinda umene unali ndi anthu pafupifupi 109,000 mu 1966 unali ukuthamangira theka la miliyoni, chiwerengero chimene kalembera wa 1998 anadzachipeza chitapitirira. Onsewa ankafuna nkhuni, makala, milimo ya denga, ndi kachigawo kolimapo chimanga.

Mantha atachoka, panalibe china chimene chinaikidwa m'malo mwake. Mawu oti ufulu anamveka kwa ambiri ngati akutanthauza kuti za boma zilibe mwini. Ndikukumbuka mizere ya anthu akutsika m'phiri m'bandakucha, amuna awiriawiri atasenza thabwa kapena chipika paphewa, amayi ndi mitolo yotalika kuposa iwo eni, ana akukoka nthambi m'fumbi. Macheka ankalira usana wonse. Mitengo ina inkapita kukaotchera njerwa, ina kwa akalipentala, ina pamsika, ndipo inkagulidwa ndi anthu a matayi omwe, chifukwa inali yotsika mtengo. Nafenso kwathu tinaphikira nkhuni za m'phirimo, ndipo palibe amene anafunsa kumene zachokera. Pamene mitengo yagwa pankalowa khasu. Zisanathe zaka za m'ma 1990, phiri linali litametedwa mpala, mizere ya chimanga itakwera mpaka pamiyala.

Malamulo anabwera, koma anapeza maliro ataikidwa kale. Lamulo losamalira chilengedwe linakhazikitsidwa mu 1996. La nkhalango ndi la usodzi onse mu 1997. Anali malamulo abwino papepala, olankhula zoti anthu okhala pafupi ndi nkhalango kapena madzi azitenga nawo mbali posamalira. Akanabwera zaka khumi m'mbuyo, anthu a m'munsi mwa phiri akadali ndi choti asamalire, mwina tikanalemba mbiri ina. Soche, Bangwe ndi Mpingwe anatsata njira yomweyo, lililonse pa liwiro lake. Michiru anapirira nthawi yaitali kuposa onse, koma zaka zaposachedwapa nayenso walasidwa kwambiri.

Tsono phiri likametedwa, nsomba imafa bwanji? Sizichitika tsiku limodzi, n'chifukwa chake anthu sagwirizanitsa ziwirizi. Nkhalango imagwira mvula ngati thonje n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka mu Okutobala. Ikachoka, madzi onse amatsika tsiku lomwelo, ofiira, atanyamula nthaka, ndipo pofika Ogasiti kamtsinje kamakhala kataphwa. Matope amakwirira nsangalabwi za pansi pamene nsomba zambiri zimaikira mazira, ndiponso pamene pamakhala timphutsi ta tizilombo timene nsombazo zimadya. Maiwe akuya amene nsomba zinkabisalamo m'chilimwe amadzaza mchenga. Mikuyu ndi katope wa m'mbali zikadulidwa kuti pakhale dimba, mthunzi umatha, madzi amafunda, mpweya wa m'madzimo umachepa. Pamadzi ochepa otsalawo ndiye timawonjezerapo zathu: zotuluka m'mapaipi a zimbudzi ophulika, madzi akuda ochokera m'mafakitale, mafuta a m'magalaja, majumbo, matewera a ana. Okumba mchenga amamaliza ndi kugumula magombe. Wodutsa pa mlatho wa Mudi m'mwezi wa Okutobala safunika katswiri womuuza. Mphuno imamuuza yokha. Ku Chiwembe, kufupi ndi kwathu kuno, damu linaphimbidwa ndi namasupuni, chomera chimene chimanenepa ndi madzi a zonyansa.

Mtengo wa zimenezi sitinaulipire ndi matemba okha. Damu la Mudi lakhala likudzaza matope, ndipo madzi ambiri amene mzinda umamwa amachita kupopedwa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwera chitunda cha mamita mazanamazana ndi magetsi odula. Mu 2019 tinayamba kumwanso madzi a Likhubula ochokera ku Mulanje, phiri lomwe lija limene makhwawa ake ozizira analandira trout. Ndipo mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakhuthula mvula masiku angapo osalekeza, phiri la Soche linatsika ndi matope ndi miyala pa nyumba za ku Chilobwe ndi Manja usiku, anthu ali m'tulo. Mvula ija inali yoopsa mwakuti ngakhale nkhalango sikanaletsa zonse. Koma amene tinaona mitembo ikufukulidwa m'matope sitingayang'anenso phiri lopanda mitengo ngati nkhani ya okonda mbalame ndi agulugufe.

Pali nsomba ina imene ndikufuna kuti wometa uja ndi anzake aidziwe, chifukwa akanaidziwa sakanasirira ya ku America. Dzina lake ndi mpasa. Azungu atakumana nayo anaitcha salmon ya m'nyanja, chifukwa cha khalidwe lake: imakulira m'nyanja ya Malawi ikusaka usipa, koma ikafuna kuswa imakwera mitsinje, Bua, Linthipe, North Rukuru, Songwe ndi ina, kufunafuna madzi oyera oyenda pa timiyala. Ndi yasiliva, yamphamvu, imatha kupitirira theka la mita, ndipo ikakodwa pambedza imalimbana ngati nsomba iliyonse yotchuka ya kunja. Ili ndi mng'ono wake, sanjika. Sizipezeka kwina kulikonse kunja kwa nyanja yathu ndi mitsinje yake. Kumunsi kwa mathithi a Kapichira, mu Shire wa ku Chikwawa ndi Nsanje, kulinso mcheni wa mano ngati misomali, umene alendo amalipira ndalama zambiri kukauwedza pa Zambezi. Kumeneko msodzi wa pabwato amatsetsereka ndi madzi monga a m'kanema aja, kungoti iye amayang'aniranso mvuu ndi ng'ona.

Apa ndi pamene ndimaona kulakwa koyamba kwa mbiri yonseyi. Zaka zambiri, khama, ndalama ndi malamulo a masewerawa zinapita pa kusamalira nsomba zobwera, m'makhwawa ochepa a pamwamba pa mapiri ndi m'madamu a mipanda. Kafukufuku woyamba wozama wa nsomba za m'nyanja yathu anachitika mu 1939, zaka 33 trout itafika kale. Anachita ndi akatswiri Bertram, Borley ndi Ethelwynn Trewavas, ndipo Rosemary Lowe anadzapitiriza kuyambira mu 1945. Nsomba zokwera mitsinje zinalibe kalabu yozilankhulira. Ntchila, imene m'ma 1950 inali m'gulu la nsomba zogwidwa kwambiri m'dziko muno, inatha mphamvu m'ma 1960 chifukwa chotchingiridwa ndi maukonde pa nthawi yoswa komanso kuwonongeka kwa mitsinje, moti achinyamata ambiri lero sakuidziwa ngakhale dzina. Mpasa ikutsata njira yomweyo. Imatchingidwa pakamwa pa mtsinje, imathiridwa mankhwala m'maiwe, ana ake amakokedwa ndi maneti a udzudzu, ndipo ikapulumuka zonsezi imakapeza timiyala take takwiririka ndi nthaka yochokera m'minda. Kumene ikuswabe bwino ndi mu Bua, chifukwa mbali yaikulu ya kumunsi kwa mtsinjewu imadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene kuyambira 2015 ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Pamene pali mitengo pali mpasa. Kafukufuku wa bungwe la IUCN wa mu 2018 anapeza kuti mwa mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja yathu imene anaiunika, 9 pa 100 iliyonse ili pangozi yaikulu yotheratu, kuphatikizapo mitundu itatu mwa inayi ya chambo.

Ena adzati kuwedza n'kubweza ndi masewera a okhuta, ndipo m'dziko limene mwana amagona ndi njala si nkhani yoika m'nyuzipepala. Pali choona m'mawu amenewa. Ine sindikuuza mayi wa ku Machinjiri kuti abweze mlamba m'madzi. Chimene ndinaona m'kanema kaja si nsomba yobwezedwayo ayi, koma mtsinje umene munthu angaone pansi pake, wodutsa pafupi ndi midzi ndi misewu, anthu akukhala m'mbali mwake koma uli woyera. Ndipo mitsinje ya kumeneko sinali yotero nthawi zonse. Mtsinje wa Cuyahoga, wodutsa mumzinda wa mafakitale wa Cleveland, unadzaza mafuta ndi zinyalala mpaka unayaka moto mu 1969. Manyazi a chochitikacho anathandiza kubala lamulo lawo la madzi aukhondo la mu 1972. Anasiya kutayiramo zonyansa, anakonza malo oyeretsera madzi a zimbudzi, anagumula madamu ena akale, ndipo lero anthu akuwedzamo smallmouth bass yomwe ija. Madzi saiwala khwawa, nazonso nsomba siziiwala madzi akayera.

Ngakhale pa nkhani ya ndalama, masewerawa si opanda pake. Ku Kenya anthu ambiri amadya chifukwa chomanga nyambo za nthenga ndi manja, n'kumazitumiza ku Ulaya ndi ku America. Zipangizo zake ndi mbedza, ulusi, nthenga ndi zala zoleza mtima, zinthu zimene telala aliyense wa mu msika wa Limbe ali nazo. Mlendo wobwera kudzawedza mpasa imodzi n'kuibweza amasiya ndalama kwa womuperekeza, wopalasa bwato, wophika ndi mwini malo ogona, ndipo mpasayo imakaswa.

Magetsi anayaka cha m'ma 3 koloko tsiku lija, makina anayamba kulira, ndipo nkhani inathera pomwepo. Agogo aja anametedwa ndevu, anavala chipewa chawo. Potuluka ndinawaperekeza pang'ono, ndipo ndinawafunsa chaka chimene anawedza komaliza mu Naperi. Anaima, anawerenga ndi zala, nati mwana wawo wachitatu anali atayamba kale sukulu. Titawerengera limodzi, chinali chapakati pa zaka za m'ma 1980, patapita zaka 20 mbendera ya atsamunda itatsitsidwa.

"Ndiye kuti sizinapite ndi azungu, bambo," ndinatero.

Anayang'ana kuphiri la Ndirande, limene linali mbee padzuwa, ndipo sanandiyankhe.

Inu amene muli ndi damu kumunda kapena kuesiteti, wina akadzakubweretserani nsomba yachilendo m'ndowa kuchokera kunja, ikaneni. Lamulo la usodzi silikulola kuilowetsa popanda chilolezo, ndipo madzi osefukira sadziwa malire a munda wanu. Inu a mipingo, masukulu ndi makomiti a m'madera amene mumabzala mitengo nyengo ya mvula ikafika, yambani ndi magombe a Naperi, Mudi, Nasolo ndi Limbe, mubzale mikuyu, katope, mbawa ndi kanjedza, ndipo mubwerereko mu Okutobala kukaona ngati ili moyo. Ndipo ife tonse a ku Kanjedza, thumba la zinyalala limene timatuma mwana kukaponya kukhwawa kukada, tilileke kuyambira sabata ino.